Kabokosi Kachisanu pa Kamera ya Achemwali

Izi zinachitika masana, dzuwa lili phwee, ndipo palibe amene anali atalawa mowa. Ine ndinalipo, alamu analipo, amayi analipo. Wogulitsa makamera uja akadali pa sitolo yake yomweyo, mutha kukamufunsa.

Achemwali anga amajambula zithunzi zamaukwati. Kwa zaka zisanu ankagwiritsa ntchito kakamera kolowa m'thumba, kochedwa kwambiri moti ukadina batani mkwatibwi akumwetulira, chithunzi chimatuluka akuyasamula. Atapeza ukwati waukulu woti akajambule Loweruka linalake, anati basi, nthawi yakwana yogula kamera yeniyeni, yosintha malenzi.

Ndinawaperekeza. Wogulitsa anatiyalira makamera atatu pa tebulo. Yoyamba inali yopepuka ngati choseweretsa ana. Yachitatu achemwali ataona mtengo wake anaibweza ndi manja awiri.

"Mayi, tengani yapakatiyi," anatero wogulitsa. "M'tchalitchi mwamdima imaona, batire imakhalitsa, komanso nkhope za anthu imazisaka yokha."

"Ngakhale nkhope ya mlongo wangayu?"

"Imeneyo ivutikirapo, koma iipeza."

Anatsegula katoni yatsopano ife tikuona. Achemwali anabwerera kunyumba ataikumbatira ngati khanda.

Lamlungu titadya, anati tiyese chithunzi cha banja. Anaimika kamera pa choimikira cha miyendo itatu m'balaza. Amayi anakhala pa mpando wawo wa pafupi ndi zenera, alamu mbali iyi, achemwali mbali inayo, ine n'kupita kukadina. Pa kagalasi ka kumbuyo panatuluka timabokosi tobiriwira, nkhope iliyonse kake. Ndinaseka. Kenako ndinawerenga.

Anthu atatu. Timabokosi tinayi.

Kachinayiko kanali m'mwamba, kumbuyo kwa mpando wa amayi, pakhoma popanda kanthu.

"Achemwali, tabwerani."

Tinasinthana. Ine ndinapita kukaima, iwo kukayang'ana. Kenako anatchera kuti ijambule yokha, n'kuthamangira pakati pathu. Anali atatembenuza kagalasiko kuti tizidziona. Tinali anthu anayi. Timabokosi tisanu.

Nkhunda za padenga zinasiya kulira. Wailesi ya kukhitchini inayamba kuphwephwetera. Kenako fungo. Polishi wa nsapato, wakuda uja, ngati wina wangotsegula chitini.

Kamera inalira kuti khe.

Chithunzi chinatuluka ife tonse mbuu. Chooneka bwinobwino chinali khoma lokha, mpaka kamng'alu ka pulasitala.

"Yafa," ananong'oneza alamu.

Amayi sanatembenuke. Anangokonza duku lawo.

Bambo athu anamwalira zaka ziwiri zapitazo. Anali munthu wamtali zedi, wosatuluka pakhomo nsapato zisanawale, ndipo zithunzi zonse zimene achemwali anawajambula pophunzira ntchito zinawadula mutu. Ankadandaula kuti mwana wawo amangodziwa tayi yawo basi.

"Bambo a ana," anatero amayi motsitsa mawu, "tamva. Koma mukumusokoneza mwana pa ntchito. Taweramani pang'ono."



Kabokosi kaja kanayamba kutsika. Pang'onopang'ono. Kanadzaima pambali pa khutu la amayi. Ndipo tonse tinamva bondo likulira kuti thwa. Ine sindinasunthe. Alamu akulumbira kuti si iwo.

Chithunzi chachiwiri chinatuluka chokongola, tonse anayi maso ali tong'o, amayi okha akuseka. Pambali pawo panalibe kanthu.

Amayi anakalowa kukhitchini akuimba. Koma achemwali mtima sunakhale pansi. Nanga Loweruka kamera ikakasiya mkwatibwi n'kumajambula khoma? Ukwati subwerezedwa. Lolemba m'mawa tinabwerera ku sitolo, awiriwiri. Za bambo sitinanene. Achemwali anangoti imasaka nkhope pomwe palibe.

Wogulitsa analoza kamera kukhoma, palibe. Analoza ku mashelefu, palibe. Anawaonetsa achemwali batani losankhira okha nkhope yofunika, ndipo batani limenelo ndi limene achemwali anadzagwiritsa ntchito pa ukwati uja, zithunzi n'kutuluka zabwino moti anapezerapo maukwati ena awiri.

"Komaliza, taimani apo nonse ndiyese," anatero wogulitsa.

Tinaima pafupi ndi chitseko. Anakweza kamera. Anayang'ana kagalasi, n'kutiyang'ana ife, n'kuyang'ananso kagalasi. Kenako maso ake anakwera pamwamba pa mutu wanga. Anafwenkha mphuno.

Anazimitsa kamera, kuipukuta ndi kansalu, n'kuibweza m'chikwama mosamala.

"Ilibe vuto, mayi," anatero mwaulemu umene analibe tsiku loyamba lija.

Anatuluka kuseri kwa tebulo n'kutitsegulira chitseko yekha. Anadutsa achemwali, kenako ine. Iye anachigwirabe kanthawi.

"Muyende bwino," anatero, "nonse atatu."