Seveni Wakana Bokosi la Malata

Veronika ankakhala kwa Mlonyeni, pafupi ndi malire a Zambia. Anali mu Sitandade 2. Ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti nkhuku yake iikire dzira.

Nkhukuyo dzina lake linali Seveni. Seveni anali wakuda bii. Pamwendo anali ndi mphete ya pulasitiki. Pamphetepo panali nambala 7.

Seveni anabwera ndi a Laston. A Laston anali a kusukulu ya zaulimi. Ankachita kafukufuku wa nkhuku. Anali ndi njinga yamoto ndi buku lalikulu.

"Nkhuku izi ndi zatsopano," anatero a Laston. "Bambo wake ndi tambala wa Mikolongwe. Mayi wake ndi thadzi la m'mudzi. Tikufuna tione ngati ana awo amaikira bwino."

Nyumba iliyonse inalandira nkhuku imodzi. Inalandiranso bokosi limodzi. Bokosilo linali la malata. Linkawala ngati galasi.

"Iziikira umu," anatero a Laston. "Bokosili muliike pabwalo, poyera. Ndikafika ndizingosuzumira."

Abambo a Veronika, a Zakeyu, anapukusa mutu.

"Anthu a njinga zamoto sapereka kanthu kwaulere," anatero. "Tiona."

Patapita milungu, nkhuku zija zinakula. Lolemba zinayamba kuikira. Nambala 5 anaikira. Nambala 6 anaikira. Nambala 8 anaikira.

Madzulo a Laston anafika kwa Veronika. Anasuzumira m'bokosi. Munalibe dzira. Anatsegula buku. Analemba ziro.

Lachiwiri anabweranso. Anasuzumira m'bokosi. Munalibe dzira. Analemba ziro.

Lachitatu, ziro. Lachinayi, ziro. Ziro wa Lachinayi anali wamkulu kuposa onse.

"Vuto ndi magazi," anatero a Laston. "Iyi yatengera mayi wake. Nkhuku za m'mudzi ndi zaulesi."

A Laston sanayang'ane Seveni. Anayang'ana buku lawo. Anthu a mabuku amatero. Amakonda kulemba. Kuyang'ana sakonda.

"Ikapanda kuikira, muichita chiyani?" anafunsa Veronika.

"Loweruka m'mawa ndidzaitenga."

"Kupita nayo kuti?"

A Laston anakhosomola. "Kusukulu kwathu kuli khitchini," anatero.

"Mwamva?" anatero a Zakeyu. "Ife tiidyetse gaga. Iwo akadye nyama. Ndinanena ine."

Veronika ananyamula Seveni. Anamusisita pamsana.

"Seveni, chonde ikira," anatero. "Dzira limodzi lokha."

"Ko-ko-ko," anatero Seveni. Anajompha batani la diresi.

Veronika anamupatsa chiswe. Seveni anadya. Anamupatsa madzi. Seveni anamwa. Anamuika m'bokosi. Seveni analumpha. Anakasamba fumbi pansi pa mtengo wa mango.

Lachisanu, ziro.

"Nkhuku yadyera iyi," anatero a Zakeyu. "Kudya imadziwa. Ntchito ayi."

"Inu bwanji masiku ano simukudya kwambiri?" anafunsa amayi a Veronika.

"Ine? Aaa, ndakhuta basi," anatero a Zakeyu. Anapukuta ndevu. Anayamba kuimba mluzu.

Loweruka linafika. Kunalibe sukulu. Veronika anadzuka m'mamawa.

"Masiku onse m'mawa ndimakhala kusukulu," anaganiza. "Lero ndimutsata. Ndiona kumene amapita."

Seveni anatuluka m'khola. Veronika anamutsata. Seveni anapalasa pansi. Veronika anadikira. Seveni anadutsa bokosi la malata. Sanaliyang'ane n'komwe. Anazungulira kuseri kwa nyumba.

Kuseri kunali njinga ya abambo. Inatsamira khoma, pamthunzi. Kumbuyo kwake kunali dengu. M'denguli a Zakeyu ankanyamuliramo mtedza. Ankakagulitsa kumsika wa pamalire tsiku ndi tsiku.

Dengulo linali lofundidwa ndi nsalu yakale ya chipani. Chipanicho chinalonjeza mlatho. Mlatho sunabwere. Inatsala ndi nsalu yokha.

Seveni anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Kenako phu! Anakwera panjinga. Analowa pansi pa nsalu. Anakhala phee.

Veronika anatseka pakamwa ndi dzanja. Sanafune kumudzidzimutsa. Ananyang'ama pang'onopang'ono. Kenako anathamangira kumjigo.

"Amayi! Amayi! Bwerani mudzaone!"

Amayi anasiya ndowa. Onse anathamanga. Anafika kuseri kwa nyumba.

Khoma linalipo. Mthunzi unalipo. Njinga panalibe.

"Abambo ako apita," anatero amayi. "Lero ndi Loweruka. Amalawirira."

Nthawi yomweyo panamveka phokoso. Thu-thu-thu! Anali a Laston. Kumbuyo anamanga katoni yoboolaboola. Anasuzumira m'bokosi. Munalibe dzira.

"Nkhuku ili kuti?" anafunsa. "Mwaibisa eti?"

"Sitinaibise," anatero Veronika. "Yapita kumalire."

"Kumalire? Yayenda bwanji?"

"Yakwera njinga."

A Laston anayang'ana amayi. Amayi anayang'ana kumwamba.

"Mwana iwe, usandiseweretse," anatero a Laston.

"Tiyeni mukaone nokha," anatero Veronika. "Koma tithamange."

Amayi anavomera. Anamukweza panjinga yamoto. Veronika anagwira malaya a a Laston zolimba. Thu-thu-thu! Anadutsa minda ya chimanga. Anadutsa zigafa za fodya. Anadutsa mbuzi zitatu. Mbuzi imodzi inawathamangitsa pang'ono.

Kumsika wa pamalire kunali malole ambiri. Madalaivala ankamwa tiyi. A Zakeyu anali atangofika. Ankapatsana moni ndi mayi Luwiza. Mayi Luwiza ankachokera kutsidya, ku Zambia. Ndiwo ankagula mtedza wa a Zakeyu.

"Ababa!" anafuula Veronika. "Musatsegule dengu!"

A Zakeyu anadabwa. "Veronika? Ukutani kuno? Nanga awa akufuna chiyani? Abwera kudzatenganso njinga yanga?"

"Shiii," anatero Veronika. "Mverani."

Onse anatchera khutu. Nsalu ya chipani inagwedera. Panatuluka mutu wakuda.

"Ko-ko-ko-kweee! Ko-ko-ko-kweee!"

Seveni ankatetera. Ankatetera mokweza. Madalaivala anasiya tiyi.

"Achimwene, nkhukuyo ili ndi pasipoti?" anafunsa dalaivala wina. Anzake anaseka.

Veronika anavundukula nsalu. M'dengumo munali thumba la mtedza. Pambali pa thumba panali udzu wouma. Paudzupo panali dzira. Linali lofunda.

"Dzira!" anafuula Veronika. "A Laston, onani! Dzira!"

A Zakeyu anayang'ana dzira. Anayang'ana Seveni. Anayang'ana mayi Luwiza. Anakanda m'mutu.

"Mayi," anatero motsitsa mawu, "si inu mumandiikira dzira m'dengu?"

"Ine?" anatero mayi Luwiza. "Dzira la chani? Ine nilibe nkhuku!"

"Lolemba munachotsa thumba. Ine ndinapita kukamwa madzi. Pobwerera ndinapezamo dzira. Lachiwiri chimodzimodzi. Ndinkati ndi basela."

"Basela? Imwe a Zakeyu! Mtedza mugulitse ndimwe, basela nipereke ndine?"

"Ndinkati ndinu munthu wabwino."

"Ndiye chifukwa chake mwakhala mukundisekerera sabata yonse? Ine ninayesa dzino likuwawa!"

Madalaivala anaseka mpaka tiyi anatayika.

"Ababa," anatero Veronika, "mazirawo ali kuti?"

A Zakeyu anayang'ana pansi. "Ndinkawiritsa patiyirumu apo," anatero.

"Onse?"

"Onse."

"Angati?" anafunsa a Laston. Anali atatsegula kale buku.

"Musalembe dzina langa," anatero a Zakeyu.

"Angati, bambo?"

A Zakeyu anakweza dzanja. Anatambasula zala zonse zisanu.

A Laston anafufuta ziro woyamba. Anafufuta wachiwiri. Anafufuta wachitatu. Ziro wamkulu uja anavuta. Pepala linabooka.

"Koma sindikumvetsa," anatero. "Bokosi labwinobwino lilipo. Bwanji ikukonda dengu lakutha?"

"Ikani dzanja m'dengumo," anatero Veronika.

A Laston anaika dzanja.

"M'katimo muli bwanji?"

"Mukuzizira bwino. Ndi mofewa. Muli kamdima."

"Tiyeni kunyumba," anatero Veronika.

Anabwerera onse. A Zakeyu anapalasa njinga. Seveni anakhala m'dengu. Katoni ya a Laston inabwerera yopanda kanthu.

Pofika kunyumba dzuwa linali litakwera. Bokosi la malata linali pabwalo, poyera.

"Tsopano ikani dzanja umu," anatero Veronika.

A Laston anaika dzanja.

"Mayo!" Analichotsa msanga. Anauzira zala. "Mukuotcha!"

"Inu mungakhalemo?" anafunsa amayi.

"Ayi."

"Nanga nkhuku ikhalemo bwanji? Dzira lingatuluke lokazinga kale."

"Koma Nambala 5 amaikira m'bokosi," anatero a Laston. "Nambala 6 nayenso."

"Kwa Nambala 5 analiika m'khitchini," anatero Veronika. "Kwa Nambala 6 lili pansi pa nkhokwe. Analiika poyera ndife tokha."

"Tinamvera inu," anatero a Zakeyu. "Ndiko kulakwa kwathu."

A Laston anakhala pansi. Anayang'ana Seveni. Ulendo uno anamuyang'anitsitsa. Seveni nayenso anawayang'ana ndi diso limodzi.

"Si magazi," anatero a Laston. "Ndi bokosi."

Analemba m'buku. Analemba tsamba lonse.

"Ndiye simumutenga?" anafunsa Veronika.

"Sindimutenga. Mazira sikisi pa masiku sikisi! Seveni akhala pano. Koma dengulo likhale lake. Muliike m'khola, pamthunzi."

"Dengu langa?" anatero a Zakeyu. "Nanga mtedza ndizinyamulira chiyani?"

"Muzimanga thumba ndi chingwe," anatero amayi.

A Laston anapita. Thu-thu-thu! Amayi anawiritsa dzira lija. Analisenda. Analiika m'mbale. Anapatsa Veronika.

A Zakeyu anasendeza mpando. Anasendezanso.

"Inu khalani uko," anatero amayi. "Mwadya kale asanu."

Veronika anadula dzira pakati. Theka anapatsa amayi. Kenako anayang'ana abambo ake. Ankameza malovu. Veronika ananyema kachidutswa. Kanali kakang'ono ngati njere ya mtedza.

"Ababa, landirani," anatero.

A Zakeyu analandira ndi manja awiri. Anatafuna pang'onopang'ono.

"Mchere wachepa," anatero.

Amayi anaseka. Veronika anaseka. Ndevu za a Zakeyu zinagwedera. Nawonso anaseka.