Musalembe Dzina Langa

Tsiku limene Raston anafika padoko la ku Bua, Sumaiya anali atatopa kale. Dzuwa linali paliwombo, usipa unali wambiri, ndipo iye ankauyanika pathandala uku akuimba kuti aiwale msana.

"Mwera ukaleka ubwere, malo a bwato lako ndasesa."

Inali nyimbo ya malemu mayi ake. Ankaimbira amuna awo, a Sadick, akachedwa panyanja, ndipo amayi onse a padokopo anaitola n'kumaiimba ngati yawo.

"Chemwali, tabwerezani pamenepo!"

Atacheuka anaona mnyamata wa nsapato zoyera ataimika foni m'mwamba. Nsapato zoyera padoko la usipa! Apo pokha munthu akanadziwa kuti ameneyu sanabwerere nsomba.

"Ndine Raston. Ndili ndi situdiyo ku Dwangwa, ndimajambula nyimbo. Mawu okoma chonchi mukuwayanika padzuwa limodzi ndi usipa?"

"Nyimbo za pano zilibe mwini, achimwene. Timangoimba kuti ntchito iyende."

"Ikalowa m'makina imapeza mwini. Ndipo mwini wake mukhala inuyo."

Sumaiya anaseka kuti zamkutu, koma nambala anapereka.

Mauthenga anayamba kugwa m'mawa uliwonse. "Kambalame kanga, wadzuka bwanji? Dzulo mawu ako ndawamvera kakhumi." Tsiku lina: "Ndikapanda kukwatira iwe, ndiye kuti ku Dwangwa asiya kulima nzimbe." Mtsikana amene tsiku lonse amanunkha nsomba, akamva zotere atani? Sumaiya anamukonda, ndipo anamukonda ndi mtima wonse.

Loweruka lina anauza bambo ake kuti akukagulitsa usipa ku Dwangwa. Usipawo anagulitsadi, kenako n'kukhotera kusitudiyo. Situdiyo yake inali kachipinda kuseri kwa malo ometera tsitsi, makoma omatidwa ndi matileyi a mazira kuti phokoso la panja lisalowe. Kutentha kwake ngati m'ng'anjo ya njerwa! Anaimba kasanu ndi kawiri, thukuta likunyowetsa mpango wa kumutu. Pomaliza Raston ananong'ona kuti, "Wandipha, wapamtima," ndipo Sumaiya anaphulika kuseka maikolofoni isanazimitsidwe.

"Kuseka kumeneku sindichotsa," anatero Raston. "Dziko lonse limve mmene mkazi wanga amasekera."

"Koma chinthu chimodzi, Raston. Musalembe dzina langa."

"Chifukwa?"

"Ababa ndi munthu wa kumzikiti. Nyimbo za chipembedzo paukwati amalola. Koma amve kuti mwana wawo ali pawailesi ndi ng'oma za makina? Wallahi, andithamangitsa pakhomo!"

Raston anamugwira dzanja. "Usadandaule, kambalame kanga. Dzina lako ndidzalilengeza ndekha pachinkhoswe chathu."

Patapita miyezi iwiri nyimbo inatuluka, yopanda dzina. Inalira m'minibasi, inalira panjinga zamoto za kabaza, inalira mpaka m'wailesi ya a Sadick. Iwo ankasoka ukonde pansi pa mtengo wa mango. Nyimbo ikamatha ankakweza wailesi pang'ono, kenako n'kuizimitsa. Sumaiya ankadutsa chozemba, mtima uli m'mwamba.

Nyimbo ikukwera, mauthenga ankatsika. "Ndatanganidwa, bebi." "Mawa ndikuimbira." Mawa lake linali lotalika kuposa msewu wa ku Salima. Sumaiya anatopa ndi kuyang'ana foni, anatopa ndi kumuikira kumbuyo mumtima mwake, koma ankadikirabe.

Tsiku lina Tatu, mnzake wa pathandala, anabwera akuthamanga ndi foni m'manja. Ndi yekhayo amene ankadziwa chinsinsi.

"Sumaiya, takhala pansi kaye. Vidiyo yatuluka."

Muvidiyomo munali mtsikana wa diresi lonyezimira akuyenda pamchenga. Milomo inali yake, koma mawu anali a Sumaiya. Pomaliza anaponya mutu kumbuyo n'kuseka kuseka kwa Sumaiya, kuja kwa m'kachipinda kotentha kuja! Anakweza dzanja, mphete inang'anima, ndipo Raston analowa n'kumukumbatira. Pansi panalembedwa dzina limodzi: Nester.

"Akuti chinkhoswe chawo chinali sabata yatha," anatero Tatu motsitsa mawu. "Ndi mwana wa kapitawo wa kunzimbe."

Sumaiya anaimba foni nthawi yomweyo.

"Raston, Nester ndi ndani?"

"Aa, kambalame, usatero. Si unanena wekha kuti dzina lisalembedwe? Nyimbo yopanda nkhope siyenda. Anthu masiku ano amamvera ndi maso."

"Ndiye munamupatsa mawu anga. Ndi kuseka kwanga komwe?"

"Ndi ntchito chabe imeneyo."

"Nanga mphete? Nayonso ndi ntchito?"

Foni inaduka. Ataimbanso, nambala sinkapezeka.

Sanalire. Kulira kumafuna mphamvu, ndipo iye analibe. Akadandaule kwa ndani? Kunena kuti nyimbo ndi yake kunali kudziulula yekha kwa bambo ake. Anabwerera pathandala n'kumatembenuza usipa. Amayi ena atayamba kuimba monga mwa masiku onse, wogula wina wa ku Lilongwe anawomba m'manja. "Eee, ya Nester ija yafika ndi kuno komwe?" Amayi aja anangoyang'anana, nyimbo n'kuwathera pakamwa.

Masana amenewo Sumaiya anapeza bambo ake atabwera kumzikiti, ukonde uli pamiyendo, wailesi ili pambali. Nyimbo ija inali ikutha. A Sadick anakweza wailesi monga ankachitira, ndipo ulendo uno woulutsa mawu anatchula dzina. "Ameneyo anali Nester, ndi nyimbo yake yomwe yavuta m'mbali mwa nyanja monse!"

A Sadick anazimitsa. "Sumaiya, bwera ukhale apa."

Anagwada patali pang'ono, maso pansi. Basi, zadziwika, anaganiza. Ngati ndi kuthamangitsidwa, chabwino, zithe.

"Nester ameneyu ndi ndani?"

"Sindikumudziwa, ababa."

"Inenso sindikumudziwa. Koma amene akuimbayo ndikumudziwa. Mwana wobadwira m'nyumba mwanga, mawu ake ndingawasokoneze? Ndinakuzindikira tsiku loyamba lomwe."

Sumaiya anadzutsa mutu.

"Ndinakwiya masiku atatu, ndisakunamize. Tsiku lachinayi ndinamva mayi ako akundiitana kuti mwera waleka. Kuyambira pamenepo ndimakweza wailesiyi tsiku lililonse, kudikira kuti anene kuti woimbayo ndi mwana wa Sadick."

Apa ndiye misozi inabwera, yonse imene anaisunga kuyambira m'mawa.

"Ndinawauza ndekha kuti asalembe dzina langa, ababa. Ndinkaopa inu."

A Sadick anayang'ana bowo la muukonde, chosokera chili m'manja.

"Ndiye kuti wakubayo ndinamutsegulira chitseko ndine," anatero. Anatembenuza wailesi ija n'kuigoneka chafufumimba pamchenga. "Taimba, mwana wanga. Ndimve kwa mwini wake."

Sumaiya anapukuta maso ndi nsonga ya mpango, anakoka mpweya, n'kutsegula pakamwa. Koma tsiku limenelo nyimbo inakana kutuluka, ndipo bambo ake anadikirabe.