Laisensi Yogula ya Zubairu

Pakhomo pa Che Bilali, ku Chikweo, sipankamveka mkangano. Bambowo anali mlimi wa thonje ndi chinangwa, munthu wosaphonya swala, wa mawu ochepa koma wosapusitsika wamba. Akazi awo, Abiti Bakari, ndiwo anali eni nthabwala, moti mlendo wobwera kudzangopereka moni ankachoka dzuwa litapendeka. Mwana wamwamuna anali naye mmodzi yekha, Zubairu, mnyamata wa zaka makumi awiri, wochangamuka ndithu, koma wodziona ngati anabadwa akudziwa kale zonse.

Chaka chomwe thonje linachita bwino, Che Bilali anagula njinga yamoto kuti mwanayo azichita kabaza. Anaiimika pakhonde, makiyi n'kuwaponya m'thumba la mkanjo wawo.

"Makiyi awa udzawagwira ukabwera ndi laisensi," anatero. "Sukulu ndalipira kale ku Balaka, chipinda chogona ndakupezera pafupi ndi mzikiti. Ndi milungu itatu, kenako akakutengerani ku Zomba kokayesedwa."

"Ababa, njinga ndimaitha kale. Ndani sanandione ndikuyendetsa ya anzanga pabwalo la mpira?"

"Kuzungulira pabwalo aliyense akhoza. Ine ndikufuna udziwe kunyamula munthu n'kukamutsitsa wamoyo."

"Pita, mwanawe," anatero amayi ake akuseka. "Milungu itatu si chaka."

Ku Balaka zinthu zinamunyansa Zubairu tsiku loyamba lomwelo. Iye ankaganiza kuti akangofika ampatsa njinga. M'malo mwake anamukhazika pabenchi kuti aloweze zikwangwani za pamsewu ndi kamangidwe ka chipewa. Pambali pake pankakhala Elliam wa ku Nselema, bambo amene anakhala zaka zambiri akupalasa kabaza wa njinga yakapalasa. Elliam ankalemba m'kope chilichonse chotuluka pakamwa pa mphunzitsi, ndipo Zubairu ankamumvera chisoni ngati munthu wodwala.

Tsiku lachinayi, Zubairu akudya tchipisi pachiwaya, anamupeza munthu wina wa nsapato zonyezimira, envulopu ili kukhwapa. Dzina lake anali Goliati. Anali mmodzi wa anthu aja amangoyendayenda pafupi ndi masukulu oyendetsa galimoto, osaphunzira, osaphunzitsa, koma osagona ndi njala.

"Achimwene, nkhope yanu si ya pabenchi," anatero Goliati akutola tchipisi m'mbale ya Zubairu osapempha. "Inu mumayendetsa kale, ndanama?"

"Ndimayendetsa."

"Ndiye mukuvutikiranji? Mukudziwa kuti ku mayeso amalepheretsa dala kuti mubwererenso? Ine ndili ndi anthu anga m'kati. Chithunzi chanu, dzina lanu, Lachisanu laisensi ili m'manja."

Zubairu anamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu. Mtima wina unamuuza kuti munthuyu ndi tambwali. Koma ulesi uli ndi pakamwa potsekemera, ndipo m'malo mokayikira Goliati, mnyamatayo anayamba kukayikira mphunzitsi.

"Ndilibe chokupatsani," anatero.

Goliati analoza foni yomwe inali m'thumba la malaya. "Imeneyo ikwana."

Lachisanu, nthawi yomwe anzake ankalowa mumzikiti, Zubairu anali kuseri kwa shopu yojambula zithunzi akulandira kakhadi kolimba, konyezimira, kokhala ndi nkhope yake. Kuyambira pamenepo kusukulu sanapondekonso. Kubwerera kumudzi msanga sakanatha, popeza abambo ake ankadziwa kuwerenga masiku. Choncho ankangozungulira m'tauni, m'mawa ku pulu, masana ku vidiyo. Goliati anamulawitsanso kachasu, mwana wa Che Bilali amene chibadwire anali asananunkhizepo mowa.

Tsiku lina anakumana ndi Elliam pamsika.

"Iwe, aphunzitsi akukufunsa. Ukudwala?"

"Ndinamaliza kale ine."

"Unamaliza bwanji mayeso tisanapite? Bwerera, mphwanga. Sabata ino tikuphunzira kanyamulidwe ka anthu: pokhala, poponda, zoyang'ana usananyamuke. Ine ndapalasa zaka khumi, koma zina ndikuzimva koyamba."

"Inuyo phunzirani, akulu. Mitu imasiyana."

Elliam anamuyang'ana nthawi yaitali, n'kupukusa mutu. Zubairu anachoka pamenepo akutukwana chamumtima, ndipo kuyambira tsikulo ankati akaona Elliam, n'kukhotera kanjira kena.

Milungu itatu itakwana anafika ku Chikweo akuyenda monyang'wa. Amayi ake anamulandira ndi nthungululu. Che Bilali analandira khadi lija, n'kutuluka nalo panja pomwe panali dzuwa. Analitembenuza, analikanda ndi chikhadabo, analitembenuzanso.

"Foni yako ili kuti? Takhala tikuimba osakupeza."

"Anandibera m'minibasi pa Liwonde."

"Ku Zomba anakuyesa ndani?"

"Bambo wina wa magalasi."

"Anakufunsa chiyani?"

"Zambiri, ababa. Zikwangwani, mabuleki, zonse."

"Maso akowa afiira ndi chiyani?"

"Fumbi."

Che Bilali anamubwezera khadi lija. Kenako anati, "Ndamva kuti pa Nselema pali wina dzina lake Elliam, munali naye kumeneko. Tsiku la msika ndikamuona."

Zubairu anaona kuti bodza lake latsala pang'ono kuululika. Anapulumutsidwa ndi amayi ake.

"Iyayi, bambo ake Zubairu, izi ndiye zanyanya. Mwana mwamutuma, wabwera ndi chomwe munamutuma. Mumafuna abwerenso ndi mphunzitsi kumsana? Mawa ndili ndi ulendo wa ku sadaka ya malemu achemwali ku Ntaja. Anditenge iyeyu. Ngati inu mukumukayikira, ine mwana wanga sindimukayikira."

Che Bilali anapisa m'thumba. Makiyiwo sanapatse Zubairu, anawaika m'dzanja la akazi awo, n'kulowa m'nyumba.

M'mawa mwake ananyamuka. Abiti Bakari anakhala chammbali, miyendo yonse mbali imodzi, monga amakhalira amayi odzilemekeza, ndipo munthu aliyense amene anakumana naye panjira anauzidwa kuti woyendetsayo ndi mwana wawo, wochokera ku sukulu ya ku Balaka. Zubairu ankamwetulira ndi mano okha. Maganizo ake onse anali pa Nselema. Akanakhala ndi njira ina yolambalala, akanadzera kumeneko.

Pa Nselema anaima kuti athire petulo wa m'botolo. Amayi ake anatsika, n'kukagula shuga wopita naye ku sadaka ndi chitenje chatsopano, chomwe anachifunda m'mapewa chifukwa cha fumbi. Zubairu maso anali uku ndi uku. Wogulitsa petulo akamuyang'ana, iye ankati wamva kale nkhani yake. Anyamata a kabaza akaseka pansi pa mtengo wawo, iye ankati akuseka iyeyo.

"Amayi, kwerani msanga."

"Ukuthamangira chiyani? Mpunga wa sadaka suthawa."

Anakwera. Zubairu sanacheuke n'komwe kuti aone momwe akhalira. Anangoliza njinga. Nthawi yomweyo anamva dzina lake kutsidya kwa msewu.

"Zubairu! Ima kaye!"

Anali Elliam, atavala chipewa ndi jekete lowala, akuthamanga uku akukupiza mkono.

"Mnzakoyo akukuitana," anatero Abiti Bakari.

"Ndi chidakwa chimenecho, musachimvere."

Mumtima anati: wafuna andiyalutse pamaso pa amayi. Anakoka moto, njinga n'kulumpha. Elliam anakuwanso, koma mawu ake anamira m'phokoso la injini. Atadutsa mashopu omaliza Zubairu anacheuka, n'kuona Elliam wakwera njinga yake, akuwatsata, nyali ikuthwanima. Apa mpamene anatsimikiza kuti munthuyo wamukonzera chiwembu. Mwina abambo ake anamutumizira kale uthenga. Anawonjezera moto.

"Mwanawe, chepetsa," anatero amayi ake, atamugwira malaya.

Sanachepetse. Nsonga ya chitenje chatsopano chija inali ikulendewera pafupi ndi tayala lakumbuyo kuyambira pomwe anakwerera. Mphepo inaikankhira m'masipoko. Tayala linaimeza, linakulunga chitenje chonse m'kuphethira kwa diso, n'kuwakoka Abiti Bakari chagada. Anamenyetsa msana pamwala wa m'mphepete mwa msewu. Njinga inaterereka n'kukagwera m'ngalande, Zubairu n'kungosupuka chigongono ndi bondo.

Elliam anafika fumbi lisanakhazikike. Anthu anali atayamba kale kuthamangira kuti awadzutse mayiwo, koma iye anawaletsa.

"Musawanyamule chinyamulenyamule. Pezani chitseko kapena thabwa, wina aimitse galimoto." Kenako anatembenukira kwa Zubairu mwaukali. "Ndimakuimitsa kuti upinde chitenje cha amayiwa. Ndinachiona ndili kutsidya. Umathawa chiyani?"

"Ndimayesa mukufuna kuwauza za kusukulu."

"Za kusukulu kwako ndili nazo ntchito yanji ine? Zimenezi tinaphunzira tsiku lomwe ndinakupeza pamsika lija. Mayi akakwera, umayamba waona nsalu yake."

Kuchipatala madokotala sanabise mawu. Fupa la msana linali litathyoka. Moyo unalipo, koma miyendo sidzayendanso.

Tsiku lachitatu masana, Che Bilali atakhala pampando pafupi ndi bedi, Zubairu ataima kumiyendo, munalowa wapolisi wa zapamsewu ndi kabuku kake. Anapepesa odwala, n'kufunsa kuti woyendetsa anali ndani.

"Ndi mwana wangayu," anayankha Abiti Bakari ndi mawu otsika. "Koma musamuvutitse, bambo. Ngozi ndi ngozi, Allah ndiye amadziwa. Mwanayu anaphunzira milungu itatu ku Balaka. Zubairu, aonetse laisensi yako."

Zubairu anapisa m'thumba. Khadi analigwira, koma dzanja linakana kutuluka. Amayi ake ankamuyang'ana ndi maso onyadira omwe aja, atagona chagada, osatha ngakhale kudzitembenuza. Mnyamatayo anagwada pasimenti.

"Amayi, sindinaphunzire. Ndinapitako masiku anayi okha. Laisensiyi ndinagula ndi foni ija. Elliam amatiimitsa chifukwa cha chitenje chanu, ine ndimathawa kuti angakuuzeni."

Wapolisi anatenga khadilo, n'kungoliyang'ana kamodzi. "Izi amadinda kuseri kwa mashopu," anatero. "Ukatha apa unditsate."

Abiti Bakari sanalire ndipo sanakalipe. Anangotembenuzira nkhope kukhoma, popeza khosi lokha ndilo ankatha kutembenuza. Che Bilali anaimirira pang'onopang'ono.

"Ine ndinakukayikira, ndipo ndili bwinobwino, ndikuyenda," anatero. "Amene anakukhulupirira ndi awa agona apawa. Uziwayang'ana."

Khoti linamupatsa Zubairu miyezi ingapo ya ndende. Goliati apolisi anamufunafuna ku Balaka konse osamupeza. Anthu ake amati anasamukira tauni ina ndi envulopu yake. Njinga inagulitsidwa kuti pagulidwe mpando wa matayala, womwe mumchenga wa ku Chikweo suyenda n'komwe.

Lero Zubairu ali pakhomo. Mowa anausiya, mzikiti sauphonya, ndipo m'mawa uliwonse ndiye amanyamula amayi ake kuwatulutsa pakhonde, madzulo n'kuwalowetsa. Anamukhululukira, anatero ndi pakamwa pawo pamaso pa abale. Koma akawanyamula, dzanja lawo limafufuza khoma kapena chitseko kuti agwire, ndipo iye amaliona dzanjalo tsiku ndi tsiku.

Inu achinyamata amene mukulakalaka njinga yamoto, imvani izi mosabisa. Laisensi yogula ndi bodza, ndipo bodza limakuchititsa kuthawa ngakhale munthu amene akuthamangira kudzakupulumutsa. Pitani kusukulu, khalani pabenchi mpaka tsiku lomaliza, kayesedweni moona. Phunziro limene mwalijomba silikusowani m'kalasi, lidzakusowani pamsewu, ndipo wolipira sakhala inu nokha. Amalipira ndi amene wakhala kumbuyo kwanu chifukwa chokukhulupirirani.