Malemu Olowa Ntchito Osaweruka

Lolemba m'mawa akalaliki a pa fakitale ya buledi anayatsa kompyuta, monga mwa masiku onse, kuti aone amene alowa ntchito usikuwo. Pa mzere wachisanu ndi chitatu panali dzina la munthu amene iwo eni anakathira nawo dothi pamanda pake sabata imodzi yapitayo.

Anapukuta magalasi, nayang'ananso. Dzinalo silinachoke. Mkulu wophika buledi, amene onse ankamutchula kuti Akung'anjo, anali atalowa ntchito 3 koloko ya m'bandakucha. Pa malo oonetsa nthawi yoweruka panalibe kanthu.

Makina a pakhomo la fakitaleyo sankalabadira nkhope ya munthu. Wantchito ankaika chala pa kagalasi kowala mobiriwira, makinawo n'kuyankha ndi mawu achizimayi kuti "Zikomo," ndipo dzina lake linkafika lokha mu kompyuta. Eni fakitale anawagula pofuna kuthetsa khalidwe loipa losainirana, ndipo akalaliki, amene anasunga buku la mayina mwaudongo chiyambire unyamata wawo, anawalandira ndi manja awiri. Dzina la malemulo anali asanalitseke, pakuti lamulo linkati dzina litsekedwe chikalata cha imfa chikafika, ndipo chinali chisanafike. Akalaliki sanali munthu wolumpha lamulo.

Lachiwiri dzinalo linabweranso, nthawi yomweyo. Lachitatu chimodzimodzi. Pamenepo abwana, mayi wosakonda kuzungulira nkhani, anawaitana.

"Katswiri wawaona makinawa dzulo, akuti alibe vuto," anatero abwana. "Ndiye kuti wina akulowetsa dzinali pamanja, ndipo wodziwa nambala yachinsinsi yochitira zimenezo ndinu nokha, bambo. Pofika Lachisanu masana mundiuze chimene chikuchitika. Apo ayi, mundisiyire makiyi."

Akalaliki anatuluka mu ofesi ya abwana. Zaka makumi atatu popanda kalata ngakhale imodzi ya chenjezo, lero achoke ngati munthu wachinyengo?

Nkhani ilibe chitseko. Pofika masana amayi olongedza buledi m'mapepala anali akunong'onezana. "Akuti amalowa tsiku ndi tsiku, koma satuluka. Nanga ali pati?" Wina anati anamva malata ophikira akugundana okha m'chipinda chotsukira. Wina anati ng'anjo yachiwiri, imene sinayatsidwe chimwalirire mwini wake, anaipeza yofunda. Amuna akuluakulu anayamba kupita awiriawiri kokatenga ufa, uku akuseka kuseka kosachokera pansi pa mtima.

Akalaliki zamizukwa sankazikhulupirira. Anaphunzitsidwa kuti wakufa amadikira lipenga, osati belu la fakitale. Komabe anapita kwa alonda a pageti kukafunsa.

Alondawo anayang'ana uku ndi uku, natsitsa mawu. "Akalaliki, ine sindinaone kanthu, ndisanamizire munthu. Koma makutu ndili nawo. M'bandakucha pageti panga pamadutsa anthu asanu ndi awiri. Ndikakhala m'kanyumba kangaka ndimawerenga zikomo wa mayi uja. Amakwana asanu ndi atatu."

Lachinayi madzulo akalaliki sanapite kunyumba. Anadzitsekera mu ofesi, nazimitsa magetsi, nakhala pafupi ndi zenera loyang'ana m'kanjira kamene munali makinawo. Mdima wa m'fakitale si wa panja. Ulibe nyenyezi, ulibe mphepo. Umangonunkha ufa ndi mafuta opsa, ndipo zitsulo za ng'anjo pozizira zimalira chimodzichimodzi, ngati munthu akugogoda ndi chikhadabo. Kagalasi kobiriwira kaja kankayang'ana osaphethira. Iwo ananena pemphero la Ambuye kawiri, ndipo kachiwiriko anapeza kuti akulinena mothamanga.

Nthawi itayandikira, geti linalira. Anthu anabwera akukoka nsapato ndi tulo, mmodzi, awiri, mpaka asanu ndi mmodzi, aliyense ndi zikomo wake, nalowa m'kati. Kenako kunati zii.

Patapita kanthawi panamveka mapazi ena, oyenda pang'onopang'ono. Chithunzithunzi chachitali chinaima pa makina. "Zikomo." Koma sichinachoke. Chinangoima, mutu uli pansi, ndipo akalaliki anamva mawu otsika akunong'ona mumdimamo:

"Tiyeni, alamu. Buledi sadikira munthu."

"Zikomo."

Pa kompyuta, imene anaiphimba ndi jekete kuti isawale, dzina la Akung'anjo linatulukira.

Akalaliki anayatsa getsi. Amene anaima pamenepo, kachala kakang'ono ka dzanja lamanzere kakadali pa galasi, anali wokanda ufa, mchimwene wake wa mkazi wa malemuyo, bambo wofatsa amene fakitale yonse inkangomutchula kuti Alamu.

"Mayo! Akalaliki, mundipha ndi mtima!"

"Amene wafa kale ndi mtima sabata ino ndine. Lowani muno, mutseke chitseko."

Alamu anakhala m'mphepete mwa mpando, chipewa chili m'manja, nafotokoza monong'ona. Tsiku limene katswiri anabwera kudzajambula zala za antchito, makina anakana zala zonse khumi za Akung'anjo. Malata otentha a zaka makumi awiri anali atazisalaza ngati sopo. Mkuluyo anachita mantha kuti amuuza kuti wakalamba. Katswiri atatembenuka kuyankha foni, Alamu anaikapo kachala kawo pa dzina la mlamu wawo.

"Kuyambira pamenepo tinkafika limodzi, kuweruka limodzi. Chala chachikulu changa, chaching'ono chawo. Ankandinena kuti ndinawapatsa mlongo wanga, ndiye chala n'chiyani."

"Zimenezo zinali za amoyo," anatero akalaliki mwaukali. "Nanga wakufa mukumudzutsiranji?"

"Nyumba, akalaliki. Mlongo wanga ali m'nyumba ya kampani ndi ana anayi. Paja munthu akajomba masiku khumi, makina anuwa amatulutsa okha kalata yomuchotsa m'nyumba. Tinaona kwa dalaivala uja chaka chatha. Ndinawerenga masiku, ndinaona akutha. Masana sindikanatha kuwawerutsa, pamzere pamakhala maso ambiri."

Akalaliki anayang'ana kompyuta ija. Zinali zoona. Kompyuta inkadziwa wobwera ndi wojomba basi. Kwa iyo, malemu wopanda chikalata anali ngati wothawa ntchito. Ndipo amene anasiya dzinalo lotsegula kuti liziwerengedwa masiku anali iwo eni.

"Munalakwa," anatero pomaliza. "Mukanagogoda pa chitseko ichi. Lamulo la kampani limapatsa mkazi wamasiye miyezi itatu. Lili m'buku, koma m'makinamu palibe amene analilowetsa. Kukacha tikalowa kwa abwana tonse awiri, ndipo ndikanena zonse, zanu ndi zanga zomwe. Bodza sindinena, ngakhale la chifundo."

Abwana anamva nkhani yonse osadula mawu. Anawapatsa Alamu kalata ya chenjezo, nalamula kuti katswiri abwere kudzaphunzitsa makinawo kusiyanitsa imfa ndi ulesi, ndi kuti za nyumba zitsate buku. Kenako anakankhira makiyi, amene akalaliki anali atawaika patebulo, kubwerera kwa mwini wake.

"Tengani, bambo. Ndipo dzinalo mulitseke lero lomwe, chikalata chibwera pambuyo."

"Ndilitseka, mayi. Koma munthu walowa kasanu osatuluka. Sinditseka dzina la wantchito akadali m'kati."

Belu la masana litalira, antchito anaima pamzere monga mwa nthawi zonse, koma palibe amene anafuna kutsogola. Akalaliki anaima pambali pa makina atavala jekete, nakodola Alamu. Amayi olongedza aja anasiya manong'onong'o. Alonda anavula chipewa.

Alamu anapukuta kachala kaja pa malaya, nakaika pa galasi. Makina anakana ulendo woyamba.

"Musawakakamize," anatero mayi wina chapansipansi. "Akung'anjo anazolowera kutsalira."

Alamu anayesanso. "Kwatha, alamu," ananong'ona. "Kapumeni."

"Zikomo," anatero makina.