Nsomba Zobwereka kwa Apongozi

Lachiwiri masana, apongozi ake a Mlangizi atangokwera basi kupita kuchipatala kukaonetsa bondo, amuna awiri analowa m'dziwe lawo la nsomba ndi ukonde. Woyamba anali mwana wawo wobereka okha, amene anthu ankamutchula kuti Wangolo chifukwa ankanyamulira anthu katundu pa ngolo ya abulu. Wachiwiri anali Mlangizi mwini wake, mkamwini wa pakhomopo, amene boma linamulemba ntchito yophunzitsa alimi kuweta nsomba.

"Alamu, kodi kumeneku si kuba?" anafunsa Wangolo, madzi akumulekeza m'chiuno.

"Kuba n'kutenga osabweza. Ife tikubwereka. Mawa madzulo zonse zibwerera."

"Nanga amayi akafika n'kuwaza madeya?"

"Ndi bondo limene lija adokotala awagoneka. Kokani ukondewo, alamu, mafunso achepe."

Anakokolola dziwe lonse. Nsombazo anazithira m'migolo iwiri imene mayiwo ankasungiramo madzi a mvula, n'kuikweza pangolo.

Chimene chinamulowetsa Mlangizi m'matope a apongozi ake chinali ichi. Chaka chapitacho boma linakumbitsa maiwe atatu m'deralo, n'kutumiza mbewu ya nsomba yoti alimi awete. Mlangizi analandira mbewuyo ndi manja awiri, koma m'madzi sinafike. Anaigulitsa kwa wamalonda wina wa m'tauni, n'kugula njinga yamoto yofiira. Alimi akafunsa, iye ankayankha kuti nsomba za boma zimakulira pansi, sizikonda kudzionetsera. Alimiwo anatopa kudikira, maiwe anasanduka mudzi wa achule.

Tsopano boma linali litalamula kuti ntchito iliyonse ya kumudzi iyenderedwe, kuti lione ngati chuma cha anthu chikugwira ntchito yake. Mayi Woyendera ochokera kulikulu ankayembekezeka kufika Lachitatu. Akapeza maiwe opanda nsomba, ntchito ya Mlangizi ithera pompo, ndipo mwina akagona kundende.

Nzeru yake inali yosavuta. Ananamiza alimi kuti alendo afika Lachinayi, kuti Lachitatu asapezekepo n'kuulula. Nsomba za apongozi anazisunga m'khola la ukonde lomizidwa m'dziwe loyamba. Alendo akaziona n'kuchoka, Wangolo azivuule, adzere njira yachidule, akazimize m'dziwe lachiwiri, kenako lachitatu. Mlangizi ntchito yake inali kuchedwetsa alendo pa msewu wozungulira. Ndipo monga katswiri, nsombazo anazimana chakudya, pakuti nsomba yoti iyende ulendo siidyetsedwa: ikakhuta imadetsa madzi a mumgolo n'kufooka.

Lachitatu m'mawa galimoto yaing'ono yoyera inaima pa dziwe loyamba. Munatuluka Mayi Woyendera, wamagalasi, wovala nsapato za mphira zatsopano. Mlangizi anawapatsa moni mogwadira, n'kuwaza kadzanja kamodzi ka madeya.

Madzi anawira. Nsomba zanjala zija zinalimbirana ngati ana pa switi.

"Mayo ine!" anafuula mayiwo akuomba m'manja. "Ndayenda maiwe ambiri, koma zoterezi sindinazionepo. Tandipatsani ndowayo."

"Mayi, pang'ono pokha. Nsomba zathuzi..."

"Pang'ono bwanji? Simukuona njala yake? Lamulo latsopano likunena momveka bwino kuti chiweto chisamanidwe chakudya. Nsomba nayo n'chiweto, bambo."

Anakhuthula ndowa yonse. Mlangizi anamwetulira mokakamiza.

Pochoka, anatsogola pa njinga yake yamoto, galimoto ili pambuyo. Ankayenda ngati wanyamula mazira. Anaima pa mlatho kufotokoza mbiri ya mlathowo. Anaimanso pa mjigo kufotokoza ubwino wa madzi. Woyendetsa galimoto analiza hutala kawiri.

Atafika pa dziwe lachiwiri, mapazi a abulu anali akadali onyowa m'mbali mwa madzi. Mlangizi anaima pamwamba pake n'kuyamba kuwafufuta ndi nsapato. Kuseri kwa nthochi bulu analira.

"N'chiyani chimenecho?" anafunsa Mayi Woyendera.

"Alimi a kuno ndi olimbikira, mayi. Amaweta chilichonse."

Mayiwo anawaza madeya ena amene Mlangizi ananyamula pa njinga. Madeya anayandama. Patapita nthawi nsomba imodzi inatulutsa mlomo, inanunkhiza, n'kubwerera pansi mwaulesi. Ina inangoonetsa msana.

"Zikudwala izi?"

"Ayi, mayi. Zadya kale."

"Wazidyetsa ndani m'mawa uno?"

"Munthu wina wamtima wabwino."

Mayi Woyendera anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. Kenako anayang'ana wotchi.

"Bambo Mlangizi, mafuta a galimoto masiku ano amatipimira ngati mankhwala a chifuwa. Za milatho ndi mijigo zakwana. Tipite ku dziwe lachitatu molunjika, ndipo inu muyende ngati munthu amene ali pa njinga yamoto."

Mlangizi anapempha kuti apatuke kaye kuthengo. Ali kuseri kwa chulu anaimba foni.

"Alamu, vuulani msanga, muthamange!"

"Abulu atopa, alamu. Madzi ndi olemera. Wamkaziyu akuchita kunjenjemera miyendo."

"Akwapuleni!"

"Sindinawakwapulepo chiyambire."

"Yambani lero. Mukachedwa tonse tapita."

Dziwe lachitatu linali kumunsi kwa chitunda, kuseri kwa kaofesi ka polisi. Anafika dzuwa lili paliwombo. Panalibe mapazi a abulu, panalibe ngolo. Madzi anali zii, obiriwira ngati msuzi wa masamba.

Mlangizi anayamba kulankhula. Analongosola kuya kwa dziwe, mtundu wa dothi, ndi mmene mphepo imaombera pamalopo. Khosi ankangolitembenuzira ku chitunda. Mayi Woyendera sanadikire kuti amalize. Anatapa madeya n'kuwaza.

Chule mmodzi anatulutsa mutu, anawayang'ana onse, n'kumira.

"Izi nazo zadya kale?"

"Izi ndi zamanyazi, mayi. Zikaona alendo zimabisala pansi."

"Chabwino. Vulani nsapato mukaziitane. Ukonde uwo uli pa njinga yanu."

Mlangizi anapinda buluku n'kulowa. Anakoka ukonde uku ndi uku, akupemphera chamumtima kuti amve phokoso la ngolo. Atautukula munali mbululu zokhazokha ndi nsapato yakale ya mwana.

"Zidakali zazing'ono," anatero ndi mawu ofooka.

"Bambo, mukuganiza kuti sindidziwa mwana wa chule?"

Asanayankhe anamva mapazi. Anacheuka mokondwa. Pa chitunda pankatsika anthu atatu. Kutsogolo kunali Sajeni wa polisi, wamimba yaikulu, atanyamula chikwapu. Pakati panali Wangolo, manja ali mu unyolo, nkhope ili pansi. Pambuyo, akutsimphina ndi ndodo, bondo litakulungidwa bandeji, panali apongozi.

Mlangizi analakalaka atamira ngati chule uja.

"Ndinu a Mlangizi?" anafunsa Sajeni. "Tulukani m'madzimo."

"Pali vuto, abwana?"

"Vuto lagona pakhomo pa ofesi yanga. Bulu wamkazi. Mkuluyu amamukwapula pa chitunda, bulu n'kugona pageti penipeni. Ndatuluka kuti ndimugwire pa mlandu wozunza chiweto, monga lamulo latsopano likunenera. Mayi awa anali m'kati, akudandaula kuti awabera nsomba ndi migolo. Atasuzumira pawindo aona migolo yawo."

"Ndi mwana wanga pamwamba pake!" anawonjezera apongozi. "Adokotala sanandigoneke, akamwini. Ndagona kwa achemwali anga, ndabwera ndi basi yam'mawa. Ndiwaze madeya, zii. Ndinkati ndi akuba ochokera kutali. Osadziwa kuti ndi anthu amene ndimawaphikira."

"Amayi, timangobwereka..." anayamba Mlangizi.

"Kubwereka? Munagogoda pakhomo liti?"

Mlangizi anatembenukira kwa Wangolo. "Alamu, mwanena chiyani?"

"Zonse, alamu. Sanandifunse n'komwe kawiri. Amayi anangondiyang'ana."

Mayi Woyendera anavula magalasi pang'onopang'ono. "Tandiuzani bwino, a Sajeni. Nsomba za m'dziwe loyamba zija..."

"Ndi zomwezo za m'dziwe lachiwiri, mayi," anayankha Wangolo mwaulemu. "Zikanakhalanso za lino bulu akanapanda kugona."

"Ndiye kuti ine ndadyetsa nsomba zomwezomwezo kawiri?"

"Kachiwiri zinakana, mayi."

Woyendetsa galimoto anatembenukira kumbali, mapewa akugwedezeka.

"Nanga mbewu ya boma ili kuti?" anafunsa mayiwo.

Wangolo anangoloza ndi chibwano ku njinga yofiira ija.

Sajeni anamasula dzanja limodzi la Wangolo, n'kumanga la Mlangizi, pakuti unyolo pa ofesiyo unali umodzi. "Ndakumangani pa mlandu wa kuba nsomba, kugulitsa katundu wa boma, ndi kulamula kuti chiweto chizunzidwe. Njingayo itsala m'manja mwa polisi. Tiyeni."

Anakwera chitunda onse. Pageti la polisi ngolo inali chiimire. Abulu anali atamasulidwa, akumwa madzi m'beseni pansi pa mtengo. Mayi Woyendera anavundukula mgolo umodzi. Madzi anali atada bii, nsomba zili pamwamba, zikuyasamula milomo.

"Zikufa izi!" anafuula. "Chifukwa chiyani?"

"Zinakhuta, mayi," anatero Mlangizi. "Ndinayesa kunena."

"Zikafa nsomba zanga, akamwini," anatero apongozi mofatsa, "mwana wanga wamkazi uja akatenga katundu wake kwanu lero lomwe."

Anasintha madzi a m'migolo ndi a pa mpopi wa polisi, koma Mlangizi anavomereza kuti zimenezo n'zongogulira nthawi. Nsombazo zinayenera kubwerera m'dziwe la kwawo dzuwa lisanalowe.

"Galimoto ya polisi ili kuti?" anafunsa Mayi Woyendera.

"Ilipo, mayi," anayankha Sajeni. "Mafuta a mwezi uno ndiwo anatha."

"Yangayi mgolo sungalowe."

"Ndimange abulu?" anafunsa Wangolo.

"Usayerekeze!" anatero Sajeni. "Abuluwo ndi odandaula pa mlanduwu. Lero sagwira ntchito."

Kenako maso a Sajeni anachoka pa ngolo, anapita pa amuna awiri omangidwa pamodzi aja, n'kubwereranso pa ngolo.

Posakhalitsa anthu a pamsika anaimirira kuonerera. Mlangizi ndi Wangolo anali kutsogolo kwa ngolo, mtengo wokokera uli pakati pawo, thukuta likutsika. Sajeni ankayenda pambali akukankha njinga yake yakapalasa. Abulu ankatsatira pambuyo opanda chingwe, akumaima kudya udzu akafuna. Galimoto yoyera inkabwera pang'onopang'ono pambuyo pa onse, itanyamula mwini nsomba.

Pa chitunda chachiwiri Mlangizi anaima, akupuma mwawefuwefu. Galimoto inafika pambali pake.

"Mayi," anatero, "kodi lamulo latsopanolo silinenapo kanthu za anthu okoka katundu wolemera?"

Mayi Woyendera anatsitsa galasi la pawindo.

"Limanena za ziweto zokha, bambo. Kokani mofatsa, musagwedeze nsomba."