Kamchira ka pa Dzina la Ch'iu Te-wang

Ine sindine munthu woopa mdima, ndipo kunyumba amanditcha wouma mutu. Ntchito yanga ndi yokonza mawebusaiti amene ena anawamanga mothamanga n'kuthawa. Koma zimene ndinaona chaka chatha ku kachisi wa pamwamba pa doko kuno ku Keelung, ndimakonda kuzinena dzuwa lili pamutu.

Unali mwezi wachisanu ndi chiwiri, umene kwathu kuno timati zipata za akufa zimakhala zotsegula. Mabanja amalembetsa mayina a abale awo omwalira kuti ansembe awatchule pa mwambo waukulu. Amene dzina lake silinatchulidwe amabwerera ndi njala mpaka chaka china. Kale anthu ankalembetsa pa tebulo, koma masiku ano amalembetsa pa webusaiti ya kachisiyo. Tsiku limenelo linali lomaliza, ndipo ansembe anali oti ayamba m'mawa mwake.

Madzulo, ndikudya mpunga wanga mwamtendere, anandiimbira foni Mayi Hung, amene amayang'anira kachisiyo. Ndi mayi wosadziwa kupereka moni.

"Iwe Hsiu-chuan, chinthu chija masana chikuyenda bwinobwino, koma kukangoda chikuyamba kukwawa, kenako chafa. Anthu amalembetsa akaweruka kuntchito. Mabanja ambirimbiri akadali panja. Ndikawauze chiyani, kuti makolo awo abwere chaka chamawa?"

Ndinatenga mnzanga wa pa ntchito, Tseng, chimunthu chachikulu koma chamantha ngati nkhuku. Tinakwera masitepe a kachisi mvula ikuwaza, monga imachitira kwathu kuno. Ofesi ili kuseri kwa guwa, ndi kachipinda kopanda zenera konunkha lubani. Seva, kompyuta imene webusaiti imakhalamo, inali pansi pa tebulo. Pamwamba pake panali paketi yobiriwira ya kamba wa chimanga uja dzina lake limatanthauza "womvera," amene aliyense wa ntchito yathu amaika pa makina kuti asavute.

Tseng asanayang'ane china chilichonse, anayamba wanyamula paketiyo n'kuona deti.

"Sinathe nthawi, ndipo sinatsegulidwe," anatero, nkhope ili yodandaula. "Ndiye vutoli ndi lenileni, achemwali."

"Sukulu yonse ija unangophunzira kuwerenga mapaketi?"

Titatsegula pulogalamuyo ndinapsa mtima. Mayina onse amasungidwa mu nkhokwe, imene ife timati detabesi, ndipo webusaiti imalankhula nayo poiuza malamulo. Amene analemba pulogalamuyi ankatenga chilichonse chimene munthu walemba m'kabokosi ka dzina n'kuchimata pakati penipeni pa lamulo. Munthu wochenjera akanatha kulemba lamulo lake m'kabokosimo, nkhokwe n'kumumvera, n'kumupatsa maadiresi ndi manambala a foni a mabanja onse. China, mlendo aliyense ankatsegulidwira khomo lakelake lolowera mu nkhokwe, ndipo khomolo linkatsekedwa pokhapokha zonse zikayenda bwino. Pakalakwika kanthu linkatsala pululu. Makomo a nkhokwe ndi owerengeka, akatha ndiye kuti wina aliyense adikire panja.

Kunja kunada. Tinakhala n'kumayang'ana makomowo pa sikirini.

Poyamba zonse zinali bwino. Kenako panabwera dzina lina, losalembedwa m'zilembo zathu za kuno koma m'zilembo za ABC za pa pasipoti: Ch'iu Te-wang. Nkhokwe inalikana, khomo limodzi n'kutsala lotsegula. Dzinalo linabweranso. Linakanidwanso. Linabweranso, mosathamanga, mosachedwa, ngati munthu amene akugogoda ndipo alibe kwina kopita.

Ndinaona msanga chimene chinkachitika. Pakati pa h ndi i panali kachizindikiro kolendewera m'mwamba, kadontho kokhala ndi mchira. M'chinenero cha nkhokwe, kamchira kameneko kamatanthauza kuti mawu a munthu athera pompa, zotsatirazi ndi lamulo. Ndiye nkhokwe inkadula dzinalo pakati, n'kuyesa kumvera theka linalo, n'kusokonezeka.

"Wakuba uyu," anatero Tseng. "Akuyesa maloko. Tingoletsa kamchirako, aliyense wokalemba azibwezedwa, ife tizikagona."

"Taona kaye akuchokera kuti."

Anafufuza, kenako anasiya kutafuna chingamu chake. Dzinalo silinkachokera kunja kwa dziko, ngakhale kutsidya kwa msewu. Linkachokera pa kompyuta yolembetsera imene anaikira okalamba, m'holo ya kachisi momwemo.

"Zosatheka," anatero Mayi Hung. "Ija inalowa madzi pa chimphepo chija. Ndinaizula ndekha pa magetsi. Ndipo chipata ndakhoma inu mutangolowa."

Tonse tinayang'ana Tseng. Iye anayang'ana nsapato zake.

"Bondo langa lija layambanso," anatero.

Ndinapita ndekha. M'holomo munkayaka nyali zofiira zokha. Matebulo anali odzaza ndi mpunga, zipatso ndi zakumwa za alendo a mwezi uno, amene mwaulemu timawatcha abale abwino. Pakona panali kompyuta ija, sikirini yake ili bii, chingwe chake chili chokulungidwa pamwamba.

Patsogolo pake panaima bambo wokalamba, wamfupi, atavala jasi lamvula la anthu a m'sitima. Jasilo linkadontha madzi. Fungo la lubani linali litatha, m'malo mwake munkamveka mchere ndi dizilo. Ankadina mabatani ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono, ndipo sanatembenuke.

"Mwanawe, likukana," anatero.

Komabe ulemu sunandithawe.

"Agogo, makinawo ndi akufa. Ndiuzeni dzinalo, ndikakulembereni m'zilembo zathu."

"Zilembo zathu zinandichoka. Ndatsala ndi mmene analembera pa pasipoti ya m'sitima."

"Ndiye tingochotsa kamchirako, lilowa."

Chala chija chinaima.

"Ayi. Lopanda kamchira ndi dzina la munthu wina. Aitana wina, ine n'kungoima pakhomo."

Mawu akuti "ine" amenewo anandilowa m'mafupa. Ndinachita mantha enieni, amene sindinawamvepo chibadwire. Koma pansi pa manthawo panali chisoni, ndiponso mkwiyo, chifukwa mkuluyu ankanena zoona: m'kalembedwe ka mapasipoti akale, kamchirako ndi kamene kamasonyeza katchulidwe. Sankathyola loko. Ankangofuna kuti amutchule bwino.

"Dikirani pang'ono, agogo," ndinatero. Ndinabwerera osacheuka, monga amatiuzira kuyambira tili ana.

Mu ofesi ndinapeza Tseng atalemba kale zoletsa kamchira, chala chili pa batani.

"Fufuta zimenezo."

"Achemwali, nkhope yanu yatuwa. Mwaona chiyani?"

"Ndaona munthu wofuna kulembetsa. Fufuta. Ukaletsa kamchira, wakuba weniweni apeza njira ina mawa lomwe, koma munthu wa dzina lake ndiye watsekeredwa kunja. Tikonza chinthu chonsechi mmene chinayenera kukhalira."

"Usiku uno? Malo olankhula ndi nkhokwe ali mbwee m'pulogalamu yonseyi."

"Ndiye ukuchedweranji?"

Njira yake si yachilendo, kungoti imafuna khama. Lamulo limapita lokha patsogolo, lili ndi mipata yopanda kanthu, nkhokwe n'kulikonzekera. Kenako dzina limatsatira padera, ngati katundu womata. Nkhokwe imaliika pa mpata wake osalimvera, kaya lili ndi kamchira kaya lili ndi chipongwe. Ine ndinatenga malamulo onse kuti ndiwalembe mwatsopano. Tseng anatenga makomo: akhale ochepa ogwiritsidwa ntchito mobwerezabwereza, ndipo lililonse libwezedwe zikayenda bwino ngakhale zikalakwika. Mayi Hung anali pa foni, akunyengerera mabanja kuti asagone.

Tili mkati, chitseko cha ofesi chinalira. Go.

Pa sikirini dzina lija linakanidwa. Go. Linakanidwanso. Kugogodako kunkayendera limodzi ndi kukanidwako, osaphonya.

Mayi Hung anaika foni pansi mwakachetechete n'kuyatsa lubani. Pansi pa chitseko panayamba kulowa madzi, kamzere kakang'ono, kakuyenda molunjika ku tebulo limene seva inali pansi pake.

"Ndi mvula imeneyo eti?" ananong'ona Tseng.

"Ndi mvula. Lemba."

Pa zaka zonse ndagwira naye ntchito, sindinaonepo Tseng akulemba ngati usiku umenewo. Zala zonenepa zija zinkauluka. Atamaliza makomo anapanganso kiyi watsopano woti webusaiti izilowera naye mu nkhokwe, wotha kulemba ndi kuwerenga mayina basi, chifukwa wakale uja ankatha kufufuta nkhokwe yonse, ndipo mawu ake achinsinsi anali pambalambanda m'pulogalamu. Ine ndinaika cholozera pa mayina kuti nkhokwe isamawerenge akufa onse pofuna mmodzi. Madzi aja anafika pa phazi langa. Anali ozizira ngati a pansi pa doko.

Go.

"Tayesa mokwanira?" anafunsa Tseng.

"Tayesa. Tumiza."

Anadina. Webusaiti inazima kuti idzukenso ndi pulogalamu yatsopano. Ndinamva ngati munthu wakweza dzanja kuseri kwa chitseko kuti agogodenso.

Dzanjalo silinatsike.

Pa sikirini panaoneka mzere umodzi: Ch'iu Te-wang, walembetsedwa. Kamchira kali pamalo pake. Khomo limene analowera linabwerera lokha n'kudikira wina.

Kenako mayina anayamba kukhamuka. Mabanja onse amene anakhala akudikira masiku aja analowa nthawi imodzi, ochokera m'tauni muno, ku Taipei, ena kutsidya kwa nyanja. Ndinkadikira kuti makomo adzaze, koma sanadzaze. Tsamba la webusaiti limene linkatenga nthawi yophikira tiyi linkatseguka munthu asanachotse chala. Foni ya Mayi Hung inayambanso kulira, koma tsopano anali anthu othokoza, ndipo mayi wosadziwa moni uja ankaseka misozi ikutsika.

Tseng mantha atamuchoka, matama anabwerera. Anakwinya malaya n'kunena kuti ayese yekha kuba. Analemba m'kabokosi ka dzina lamulo loti nkhokwe ifufute zonse. Nkhokwe inalilandira mwaulemu n'kulisunga ngati dzina la malemu, osafufuta kanthu.

"Mwaona? Ngakhale ine katswiri ndalephera," anatero.

"Chotsa msanga chimenecho," anatero Mayi Hung, "ansembe angachitchule mawa n'kuchiitanira ku chakudya."

Ndinaseka mpaka m'mimba kupweteka. Ndinali wonyada, ndipo sindibisa. Nthawi yotseka itakwana, panalibe banja limene linatsala panja.

Titatsegula chitseko kunja kukuyera, m'khonde munalibe munthu. Pansi panali ponyowa kuyambira pa ofesi mpaka pa kompyuta yakufa ija, ndipo chipata chinali chokhoma mmene Mayi Hung anachisiyira.

Ndinatsala kuti ndimve mwambo. Ansembe anatchula mayina m'mawa wonse, utsi uli tolo. Atafika pa dzina la zilembo zachilendo, wansembe wamkulu anaima pang'ono, n'kuyandikitsa pepala kumaso, kenako analitchula bwinobwino, ndi kampweya kake kamene kamchira kamafuna. Palibe wachibale amene anawerama. Ndinawerama ine.

Pobwerera mu ofesi kukatenga chikwama, ndinapeza Tseng ataima ngati mtengo. Paketi yobiriwira ija inali pamalo pake pamwamba pa seva, yotsegulidwa mosamala m'mphepete, mulibe ngakhale kanyenyeswa. Paketi imeneyi ikatsegulidwa makina amayenera kuvuta. Seva inkangoyenda phee.

Anthu a m'dera lathu amanena zosiyanasiyana, motsitsa mawu. Madala ena a padoko amati kalekale kunali Ch'iu wina amene anakwera sitima ya kunja osabwerako, ndipo analibe mkazi kapena mwana woti amulembetse. Ena amati ndi ana osewera. Tseng amauza makasitomala kuti foni ya munthu wina inangotenga adiresi ya kompyuta yakufayo, koma za madzi sanenapo, ndipo masiku ano amagula mapaketi obiriwira awiriawiri.

Ine sinditsutsana ndi aliyense. Ndimangodziwa kuti pa webusaitiyo pali kabokosi kena kofunsa kuti wolembetsayo ndi ndani wa malemu, mwana, mkazi kapena mdzukulu. Pa dzina lija panalembedwa kuti "mwini wake."

Chaka chino mwezi wachisanu ndi chiwiri utayamba, ndinakhala pa kompyuta yanga madzulo a tsiku loyamba, tiyi ali m'manja. Kutangoda, dzina lija linabwera, kamchira kali pamalo pake. Linalowa ulendo umodzi, osagogoda.