Gitala Yopanda Mawu

Nkhani iyi si yopeka. Anandiuza ndi anthu awiri amene analipo, a Nesi ndi mlamu wake wa mwini nkhani, aliyense payekha, ndipo sanasiyane ngakhale pamodzi. A Nesi si munthu wamantha. Maso a anthu akufa atseka ambirimbiri kuntchito kwawo, koma pondifotokozera izi ankangoyang'ana kuchitseko.

Mwini nkhani ndi wokonza magetsi, anzake amangomuti Shoko. Lachisanu lililonse madzulo iye, mlamu wakeyo, a Nesi ndi Dalaivala ankasewera makhadi pa intaneti, aliyense ali kunyumba kwake, mahedifoni kumutu, makamera ozimitsa chifukwa netiweki inkavuta. Nyimbo zomveka chapansipansi posewera ankasankha ndi mkazi wa Shoko. Mkaziyo atamwalira n'kusiya khanda la miyezi itatu, masewera anaima. Patapita miyezi isanu anzake anamunyengerera kuti abwerere, asamangokhala ndwii m'nyumba, ndipo ntchito yosankha nyimbo anamusenzetsa iyeyo.

Munthu wosaopa waya wamoto anatuluka thukuta ndi nyimbo. Dalaivala ankafuna zovina, zogwedeza mawindo. A Nesi ankafuna kwaya. Mlamu anati chilichonse, bola zisakhale zimene Shoko amaimba kubafa, zothamangitsa mphemvu zija. Shoko anaseka, koma anakana zonse. Mwana wake akangomva mawu achizimayi akuimba, ngakhale pawailesi, ankadzidzimuka n'kumaunguzaunguza, kenako kulira mpaka kusasa mawu. Mndandanda wa nyimbo za malemu unali momwemo mulaputopu, koma sanaukhudze, mtima sunalole. Anasankha gitala yokhayokha ya ola lathunthu, yopanda mawu a munthu, ndipo masana anaimvetsera yonse kuti atsimikize.

Atagoneka mwana, anakokera kabedi kake pabalaza, kumbuyo kwa mpando wake. Anakiya chitseko, n'kuvala mahedifoni.

Anasewera magemu awiri, Dalaivala akudyedwa monga mwa masiku onse n'kumanamizira netiweki. Pa gemu yachitatu a Nesi anayamikira kuti Shoko wasankha bwino, n'kufunsa dzina la mayi amene ankaimbayo. Shoko anati palibe mayi, ndi gitala basi. Dalaivala anati nayenso akumumva, mayi woimbira m'mphuno osatsegula pakamwa, ngati wotonthoza mwana. Shoko ankangomva gitala ndi mawu a anzake. Anaganiza kuti akumuseleula, ndipo zinamupweteka.

Anazimitsa nyimboyo.

"Akuimbabe," anatero a Nesi.

Anagwirizana zoti aliyense atseke maiki yake, mmodzimmodzi, kuti aone kumene mawuwo akuchokera. Dalaivala anatseka. Ankaimbabe. A Nesi anatseka. Ankaimbabe. Mlamu anatseka. Ankaimbabe. Anatsala Shoko. Anatseka, n'kuwerenga chamumtima mpaka teni, n'kutsegula.

Nthawi yonse imene anatsekayo anzake kuimba kuja sanakumve, koma atangotsegula kunayambiranso. Iye ankangomva kupuma kwa anthu atatu.

"Alamu," mlamu ananong'ona. "Imeneyo ndi nyimbo ya achemwali. Ankandigoneka nayo ndili wamng'ono."

Shoko anauma. Khosi linakana kutembenuka. M'pamene anamva fungo la mafuta a m'tsitsi amene mkazi wake ankadzola, pomwe botolo lake anatenga ndi abale atangoika maliro. Kumsana kunkamuwomba kamphepo kozizira. Mawindo onse anali otseka.

"Mawu akupita kutali," anatero a Nesi pang'onopang'ono. "Shoko, mwana ali kuti?"

Anavula mahedifoni.

Firiji inkalira kukhitchini. Mpopi unkadontha. Panja galu anauwa kamodzi, n'kusiya. Ndipo nyimbo ija anaimva tsopano ndi makutu ake, yofewa, yosafulumira. Sinkachokera pakabedi. Inkachokera kuchitseko.

Kiyi anatembenuka yekha. Kwe.

Anacheuka. Kabedi kanali kopanda kanthu, kabulangete katapindidwa bwinobwino. Mwana anali pansi, pafupi ndi chitseko, atakulungidwa munsalu monga amachitira mayi wokonzeka ulendo. Mwana wosadziwa n'kukwawa komwe. Sankalira. Ankamwetulira chinthu chimene chinali pamwamba pake, timanja tili m'mwamba, kufuna kunyamulidwa. Chitseko chinali chikutseguka pang'onopang'ono, mdima wa panja ukuoneka.

Shoko anadzigwetsa pansi kuchoka pampando. Anakwawa ndi mawondo. Mawu amene anayankhula, anzake atatu aja anawamva onse pamaiki.

"Mayi a mwana, chonde. Ndatsala naye yekhayu. Musiyeni."

Nyimbo inaduka pakati.

Timanja tija tinagwa. Mwana anayang'ana uku ndi uku, n'kuyamba kulira, kulira kwenikweni kong'amba mtima. Shoko anamukumbatira, n'kukankha chitseko ndi phewa, n'kukhala pansi atachitsamira. Mlamu atafika ndi Dalaivala anamupeza ali pomwepo, akulira limodzi ndi mwana, ndipo anachita kumuchonderera kuti atsegule.

Masewera a Lachisanu anathera pomwepo. M'nyumba ya Shoko simumvekanso nyimbo ya mtundu uliwonse. Loko anasintha, anawonjezera ndi mpiringidzo. Pogona amamanga nsalu kudzanja lake ndi m'chiuno mwa mwana, mfundo ziwiri zolimba, ndipo masiku ena m'mawa amapeza zamasulidwa, nsalu itapindidwa kumiyendo kwa bedi. Mwana akadalipo, wonenepa bwino, sadwaladwala.

Mwezi wathawu mwanayo anayamba kuyenda. Mlamu akuti akangomuimika pansi amalunjika kuchitseko, osagwa, dzanja limodzi lili m'mwamba ngati pali amene wamugwira.